Mfuti Yodulidwa Kumbuyo ndi Malire a ku Milange

Ukachoka ku Limbe n'kudutsa minda ya tiyi ya ku Mulanje, msewu umakakutula pa Muloza, pamene kamtsinje kamagawa Malawi ndi Mozambique. Tsidya linalo ndi Milange, tauni ya m'chigawo cha Zambezia imene ili patsinde pa phiri la Tumbine. Anthu a tsidya lino ndi a tsidya ilo ndi amodzi. Amalankhula Chichewa ndi Chilomwe, amakwatirana, amayenderana pa maliro, ndipo njinga zosenza matumba a chimanga ndi nandolo zimayamba kuoloka mbandakucha. Malire amenewa Angerezi ndi Apwitikizi anawalemba papepala ku Lisbon pa 11 June 1891. Koma dziko limene ankagawanalo linali ndi eni ake, mafumu a malinga olimba, anthu ambiri ndi mfuti zambiri, amene pepalalo sanalione n'komwe.

Panapita zaka za nkhondo kuti mzere wa papepala usanduke malire enieni. Chimodzi mwa zida zimene zinagwira ntchito imeneyo chinali mfuti ya mapangidwe achilendo, yakale kutsogolo koma yatsopano kumbuyo. Inasulidwa kuti izithiridwa wonga kukamwa, kenako amisiri anaidula kumbuyo n'kuikapo kachitseko kolowetsera chipolopolo. Dzina lake ndi Snider. Pamene inkafika kuno, asilikali a ku Ulaya anali ataisiya kale.

Mfuti ya khomo limodzi

Tiyambe ndi gogodera, mfuti imene makolo athu ankaidziwa bwino. Gogodera ili ndi khomo limodzi lokha, kukamwa kwake. Mlenje amaimika mfuti pansi, kukamwa kuloza kumwamba, n'kuthiramo wonga. Kenako amaponyamo chipolopolo ndi kansanza kotsekera, n'kutsendera zonsezo ndi ndodo yachitsulo mpaka zikafike pansi. Apo moto sunapezekebe. Pa mfuti zakale kwambiri, kanyundo kankaluma mwala umene unkakhula chitsulo n'kuthethetsa moto pa wonga pang'ono wa pambali. Pa zobwera pambuyo pake ankaveka fataki, kachipewa kamkuwa kophulika kakamenyedwa, pa kachubu ka pambali pa paipi. Zonsezi zikatha m'pamene munthu amakoka kanyundo, kulozetsa ndi kuwomba.

Msilikali wophunzitsidwa bwino ankawomba katatu pa mphindi imodzi, zinthu zikamayenda. Nthawi zambiri sizinkayenda. Wonga wakuda umasiya mwaye m'paipi, ndiye ukawomba kangapo chipolopolo chimayamba kukana kutsika. Kuti utsendere mfuti yotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka umayenera kuimirira, thupi lonse lili poyera, pamene mdani akukulozetsa. Ndiye pali mantha. Itatha nkhondo ya ku Gettysburg ku America mu 1863, anatola mfuti zoposa 27,000 pabwalo la nkhondo. Pafupifupi 24,000 zinali zothira kale, ndipo theka la zimenezi linali ndi zipolopolo ziwiri kapena kuposa, chimodzi pamwamba pa chinzake. Asilikali ambiri, m'phokoso ndi utsi, ankangothira n'kuthiranso osadziwa kuti mfuti sinalire.

Komabe mfuti za asilikali a nthawi imeneyo sizinali zachabechabe. Ya Angerezi, Enfield ya mu 1853, inali ndi mizere itatu yopotana m'kati mwa paipi, imene inkazunguza chipolopolo kuti chiziyenda chowongoka. Chipolopolocho chinali chamtovu, chobooka kumbuyo, moti wonga ukaphulika chinkafufuma n'kugwira mizereyo. Inkalasa patali mamita mazana angapo. Inamenya nkhondo ku Crimea, ku India mu 1857, ndi ku America kumene mbali zonse ziwiri zinaigula yambirimbiri. Vuto lake linali limodzi basi, khomo lija.

Dziko la Prussia linali litayamba kale njira ina. Mfuti yawo ya Dreyse inkatsegulidwa kumbuyo, ndipo msilikali ankatha kuthira atagona chafufumimba. Mu 1864 anagonjetsa nayo Denmark, ndipo maiko ena anayamba kutekeseka. Pa 3 July 1866, ku Königgrätz, asilikali a Austria amene anali ndi mfuti zabwino zothirira kukamwa anakumana nayo maso ndi maso. Austria inataya anthu oposa 40,000, kuphatikiza ophedwa, ovulala ndi ogwidwa, pamene Prussia inataya pafupifupi 9,000. Zifukwa zinalipo zingapo, koma chimene maboma onse anatolapo chinali cha mfuti.

Ndiye anagwira njakata. M'nkhokwe zawo munali mfuti mazana a zikwi, zambiri zatsopano, zogulidwa ndi ndalama za msonkho, zimene tsiku limodzi linazisandutsa zachikale. Kupanga zina kunafuna zaka ndi chuma, ndipo nkhondo sidikira. Nzeru imene pafupifupi onse anaipeza inali yofanana: paipi ndi yabwino, thabwa ndi labwino, kanyundo ndi sipuling'i yake n'zabwino, choncho tingodula kumbuyo kokha.

Ntchito ya Jacob Snider

Boma la Britain linaitanitsa amisiri mu 1864 kuti aonetse njira zosinthira Enfield, ndipo inapambana ndi ya Jacob Snider, wa ku America. Anaivomereza mu 1866. Snider mwiniyo anamwalira chaka chomwecho ali wosauka, akulimbanabe ndi boma kuti limulipire.

Njira yake ndi yosavuta kuimvetsa, ndipo ubwino wake wagona pomwepo. Mmisiri ankachotsa paipi pathabwa n'kudula kumbuyo kwake masentimita pafupifupi 6. Pamalo podulidwapo ankamangirirapo chitsulo china chokhala ndi mphako yotseguka pamwamba. M'mphakomo munkagona kachitsulo kolemera kokhala ndi hinji kudzanja lamanja, kotseguka cham'mbali. M'kati mwa kachitsekoka munadutsa msomali wopendekeka, mutu wake uli pamalo pamene kale pankakhala fataki. Motero kanyundo kakale komweko, osasinthidwa, kankamenya msomali, msomali n'kumenya chipolopolo. Pothira, msilikali ankakoka kanyundo, kutsegula kachitseko, kukakokera kumbuyo pang'ono kuti kazule chikhokho cha chipolopolo chowombedwa, kutembenuza mfuti kuti chikhokhocho chigwe, kulowetsa china, kutseka. Wozolowera ankawomba kakhumi pa mphindi imodzi, atagwada kapena atagona kuseri kwa mwala. Kusintha mfuti imodzi kunkadya pafupifupi paundi imodzi, ndipo zosinthidwa zinaposa 800,000. Zakale zitatha m'nkhokwe anayamba kupanga zatsopano za mtundu womwewo ndi chitsulo cholimbirapo.

Anthu ambiri akamakamba za mfutiyi amathera pa kachitseko. Ine ndimaona kuti nkhani yaikulu ili pa chimene chinkalowa pa kachitsekopo. Mfuti zotsegula kumbuyo anthu anaziyesa kwa zaka mazana ambiri, koma zinkatulutsa moto ndi utsi pamalumikiziro, n'kuwaula nkhope ya mwini wake. Chimene chinathetsa vutoli ndi katiriji, chikhokho chamkuwa chimene chimasunga pamodzi wonga, mtovu ndi fataki. Ya Snider inakonzedwa ndi Colonel Edward Boxer wa ku Woolwich: mkuwa wopyapyala wokulungiza, tsinde lachitsulo, fataki pakati penipeni pa tsindelo. Wonga ukaphulika, mkuwa umafufuma n'kumatirira m'mbali mwa paipi, moto wonse n'kulowera kutsogolo. Mtovu wake unali wonenepa pafupifupi mamilimita 15, wolemera magalamu oposa 30. Unkayenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi zipolopolo za lero, koma ukapeza fupa unkaliphwanya, ndipo chilonda chake chinali choopsa.

Maiko ena anachitanso zawo. France inasintha mfuti zake kukhala Tabatière mu 1867, Austria inapanga Wänzl, Russia inatenga njira ya Krnka, Belgium ya Albini-Braendlin. Ku America, Erskine Allin wa ku fakitale ya Springfield anaboola pamwamba pa paipi n'kuika kachitseko kotsegukira kutsogolo. Zonsezi zinali zongogwirizira podikira zenizeni, ndipo pasanathe zaka khumi zambiri zinalowedwa m'malo. Britain inasankha Martini-Henry mu 1871.

Mu Africa, mphamvu ya Snider inaoneka msanga. Pa 10 April 1868, pachigwa cha Arogee ku Ethiopia, ankhondo a mfumu Tewodros II anatsika phiri kuthamangira gulu la General Robert Napier. Amene anazolowera gogodera amadziwa kuti mfuti zikalira pamakhala kampata, ndipo wolimba mtima amadutsa pa kampatako n'kufika ndi mkondo. Tsiku limenelo kampata kanasowa. Aitiyopiya anafa pafupifupi 700, pamene mbali inayo anavulala anthu pafupifupi 20. Patatha masiku atatu linga la Magdala linagwa, ndipo Tewodros anadziwombera yekha.

Mfuti yotha ntchito siitayidwa. Imatsika makwerero. Asilikali achizungu atalandira Martini-Henry, Snider inapita kwa asilikali a ku India, amene chichitikireni kuukira kwa mu 1857 Angerezi ankaonetsetsa kuti azikhala ndi mfuti yotsalira kumbuyo kwa yawo. Inapitanso kwa apolisi ndi asilikali akuda a m'maiko olamulidwa ndi atsamunda. Apwitikizi nawo anali nayo, ndipo azungu awo atalandira Kropatschek ya mu 1886, yotenga zipolopolo zingapo nthawi imodzi, Snider inatsalira m'manja mwa asilikali akuda a ku Angola ndi Mozambique. Ma Tabatière ambiri anakathera ku Liège ku Belgium, kumene anawafafaniza mizere n'kuwagulitsa motchipa ngati mfuti zosakira.

Njira ya ku Quelimane

Dera lozungulira phiri la Mulanje linali pa njira ya malonda. Amtengatenga ochokera kunyanja ankadutsa chigwa cha Phalombe, kulowa pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, n'kutsetserekera ku Quelimane ndi madoko ena a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Popita ankasenza minyanga ya njovu ndipo ankakusa anthu omangidwa m'magoli. Pobwera ankasenza nsalu, mikanda, migolo ya wonga ndi mfuti. Mfutizo zambiri zinali zotchipa, zopangidwira malonda ku Birmingham ndi ku Liège, kapena zakale zimene asilikali a ku Ulaya anazitaya. Mfuti inkagula kapolo, kapolo n'kugula mfuti ina, ndipo midzi ya Amang'anja ndi Alomwe ndi imene inkalipira.

Mafumu a Chiyao amene anakhazikika kuzungulira phirili kuyambira zaka za m'ma 1860, monga Chikumbu, Mkanda ndi Matipwiri, anakula mphamvu chifukwa cha njira imeneyi. Matipwiri anali chakum'mawa, kumene lero kuli malire, ndipo apaulendo opita ku Quelimane ankadutsa m'manja mwake. Kum'mwera, m'chigwa cha Shire, kunali Amakololo, ndipo kumunsi kwake kunali anthu a ku Massingire amene anaukira Apwitikizi mu 1884. Mu November 1889 Amakololo anamenyana ndi gulu la Apwitikizi la Serpa Pinto kufupi ndi mtsinje wa Ruo ndipo ambiri anaphedwa. Zimenezi zinautsa mkangano pakati pa London ndi Lisbon. Pa 11 January 1890 Britain inalamula Portugal kuchotsa asilikali ake, ndipo mapeto ake anali pangano lija la mu 1891, limene linatenga Ruo ndi Muloza kukhala malire.

Harry Johnston atafika chaka chomwecho kudzakhazikitsa boma la Angerezi, gulu lake la nkhondo linali laling'ono zedi. Captain Cecil Maguire anabwera ndi asilikali pafupifupi 70 ochokera ku India, ena Asikh, ena Asilamu okwera pa akavalo a ku Hyderabad. Powonjezera analemba ntchito anthu a ku Zanzibar, Amakua a ku Mozambique ndi Atonga a kunyanja. Snider inali mfuti ya masiku onse ya magulu oterewa. Ulendo wawo woyamba wa nkhondo, mu July 1891, unali wa ku Mulanje komwe kuno, kukamenyana ndi Chikumbu amene ankakangana ndi azungu olima khofi. Mu 1893 anamanga Fort Lister pampata paja pa Mulanje ndi Michesi kuti atseke njira ya akapolo, ndipo Fort Anderson inamangidwa mbali ina ya phiri. Chaka chomwecho anamenyana ndi Mkanda. Mu 1895 Major Edwards anatsogolera gulu lopita kwa Matipwiri, ndipo mphamvu ya mfumuyo inathera pomwepo.

Tisaganize kuti zinkangoyenda myaa. Maguire anaphedwa mu December 1891 pomenyana ndi anthu a Makanjira kunyanja. Kumayambiriro kwa 1892 mfumu Jalasi, amene azungu ankamulemba kuti Zarafi, anathamangitsa gulu la boma paphiri la Mangochi n'kulanda mzinga. M'mapiri, m'matanthwe ndi m'tchire lowirira, kumene mdani amaonekera pafupi, gogodera yodzaza zidutswa za chitsulo inali yoopsa ndithu. Boma linachita kuitanitsa Asikh ena, mizinga ndi sitima zankhondo panyanja, ndiponso linkadalira mafumu amene anasankha kugwirizana nalo. Komabe pofika kumapeto kwa 1895 Kawinga, Matipwiri, Jalasi ndi Makanjira anali atagonja kapena kuthawira mbali ya Apwitikizi, ndipo Mlozi, wamalonda a akapolo, anali atapachikidwa ku Karonga. Mu 1896 magulu aja anawalumikiza kukhala Central African Rifles, kholo la King's African Rifles, ndipo Ayao ambiri amene dzana ankawomberedwa analowa usilikali womwewo.

Pali chinthu china chimene munthu wa ku Milange angachimvetse kuposa wina aliyense. M'boma lomweli muli phiri la Chiperone, kumene kumachokera dzina la chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu yozizira imene imakuta dera lonse kwa masiku angapo. Wonga umakoka chinyezi. Wa m'chibubu kapena m'nyanga ukanyowa umangofuka osaphulika, ndipo mfuti ya mwala imakana kulira. Wonga wotsekeredwa mu mkuwa chinyezi sichiupeza msanga. M'dziko la mvula yambiri ngati ili, kusiyana kumeneku kunali kwa moyo ndi imfa.

Amene ali ndi doko

Funso limabwera lokha. Ngati mafumu anali ndi minyanga ndi chuma chogulira mfuti mazanamazana, analekeranji kugula Snider kapena Martini-Henry? Ena anagula, ena analanda pankhondo. Kum'mwera, Lobengula wa Amandebele analonjezedwa mfuti za Martini-Henry 1,000 ndi zipolopolo 100,000 pa pangano la Rudd mu 1888, ndipo Ngungunhana wa ku Gaza analandiranso mfuti zotere kuchokera ku kampani ya Cecil Rhodes. Onsewa anagonja pasanapite zaka zambiri. Kukhala ndi mfuti yotsegula kumbuyo ndi chinthu china, kuidyetsa ndi chinanso.

Gogodera ndi mfuti imene mudzi umatha kuisamala wokha. Sisankha chakudya. Mtovu ukasowa, wosula amadula chitsulo n'kuchisula timibulu. Zikavuta, misomali, zidutswa za waya ngakhale timiyala timalowa. Wonga wa mtundu uliwonse umagwira, wambiri kapena wochepa, ndipo m'madera ena anthu ankapanga wawo. Sipuling'i ikathyoka wosula wa pamudzi amasula ina pa mvukuto wake, thabwa likang'aluka amalimanga ndi chikopa chachiwisi chimene chikauma chimagwira zolimba. Mfuti imodzi inkatha kudutsa m'manja mwa agogo, bambo ndi mdzukulu. Zoopsa zake zinalipo, chifukwa paipi yotchipa yothiridwa wonga wambiri inkaphulika n'kudula zala, koma mwini wake sankapempha chilolezo kwa munthu kuti awombe.

Snider siitero. Imadya chipolopolo chake chokha, cha muyeso wake, chopangidwa ndi makina m'fakitale ya kutsidya kwa nyanja. Cha Martini-Henry n'china, cha Kropatschek n'chinanso. Zikatha, mfuti yasanduka chibonga. Amisiri ena aluso anaphunzira kuthiranso wonga m'zikhokho zakale, ndipo kumadzulo kwa Africa osula a Samori Touré ankasula ngakhale mfuti zathunthu zotsegula kumbuyo, koma mkuwa wopyapyala umang'ambika ukagwiritsidwa ntchito kangapo, ndipo fataki sungaisule pa mvukuto. Choncho mfuti yatsopano inasamutsa mphamvu. Inaichotsa kwa wosula ndi mlenje n'kuipereka kwa amene akulamula doko, sitima ndi nyumba ya kasitomu. Ngakhale azungu anaona zimenezi: pa nkhondo ya ku Karonga ya 1887 mpaka 1889, African Lakes Company inavutika kulowetsa zida chifukwa Apwitikizi ankazitsekereza ku Quelimane. Angerezi anapumira m'mwamba atapeza khomo la Chinde pa mtsinje wa Zambezi, limene Daniel Rankin analilengeza mu 1889, ndipo mu 1891 anapatsidwa malo awoawo otsitsira katundu kumeneko.

Panabweranso lamulo. Pa 2 July 1890 maiko a ku Ulaya ndi ena anasaina pangano ku Brussels lothetsa malonda a akapolo. M'panganomo munali ndime za mfuti, zokhudza chigawo chachikulu cha Africa, kuyambira madigiri 20 kumpoto mpaka madigiri 22 kum'mwera, ndipo Malawi yense ndi Zambezia yense ali m'kati mwake. Mfuti za mizere, zotsegula kumbuyo ndi zotenga zipolopolo zambiri, pamodzi ndi makatiriji ndi fataki, zinaletsedwa kugulitsidwa kwa anthu wamba. Zololedwa zinali mfuti za mwala zopanda mizere ndi wonga wamba, ndipo ngakhale zimenezi osati m'madera a malonda a akapolo. Maboma a atsamunda okha ndi amene anatsala ndi ufulu wopatsa asilikali awo mfuti iliyonse. Ozembetsa sanasiye, koma mtengo unakwera ndipo zipolopolo zinkabwera mwa apo ndi apo.

Apa pamafunika kunena zinthu ziwiri, ndipo zonse n'zoona. Magoli anasiyadi kudutsa pampata wa Michesi. Kwa mayi wa Chimang'anja amene ankagona m'mapanga a m'phiri kuopa achifwamba, kulira kwa Snider ya pa Fort Lister kunali chipulumutso, ndipo palibe chifukwa chochepetsera zimenezo. Koma mfuti yomweyo, itatha ntchito ya akapolo, sinabwerere ku India. Inaperekeza wokhometsa msonkho wa nyumba, umene mbali ya Angerezi unali mashiling'i atatu kuyambira 1894, ndipo inaima kumbuyo kwa thangata m'minda ya azungu. Mbali ya Apwitikizi, kumene makampani monga Companhia da Zambézia ya mu 1892 anapatsidwa madera athunthu, msilikali wakuda wonyamula mfuti ndi amene ankatolera msonkho wa mussoco ndi kugwira anthu a ntchito yokakamiza. Alomwe zikwizikwi amene anaoloka Ruo ndi Muloza kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ankathawa zimenezi pamodzi ndi njala, ndipo ambiri anadzagwera m'thangata tsidya lino. Pangano limene linamasula anthu ku goli linawalandanso njira yokanira chilichonse chobwera pambuyo pake.

Umboni wake unaoneka mu 1915. Anthu a John Chilembwe ataukira boma pa 23 January, ambiri anali ndi mikondo, ndipo chimodzi mwa zolinga zawo zoyamba chinali nyumba yosungira zida ya Mandala ku Blantyre. Anapezako mfuti zochepa chabe. Pa 3 February Chilembwe anawomberedwa ndi apolisi akuda m'dera la Mulanje, akulowera kumalire a Mozambique. Patangopita zaka 20 chigonjetsedwe cha Matipwiri, dera limene kale linkadzaza ndi mfuti linalibe zoti n'kuukira nazo.

Snider inazimirira pang'onopang'ono, italowedwa m'malo ndi Martini ndipo kenako mfuti za .303. Gogodera ndi imene inakhalitsa. Mpaka lero alonda a nkhalango zotetezedwa m'Malawi, Zambia ndi Mozambique amalanda mfuti zothirira kukamwa, zina zakalekale, zina zosulidwa kumene ndi paipi wamba, pa chifukwa chomwe chija: sizifuna fakitale. Milange inadzaonanso mfuti za mtundu wina pa nkhondo ya ufulu ndi pa nkhondo yapachiweniweni, pamene Renamo inalanda tauniyi mu 1986 ndipo anthu ambirimbiri anathawira ku Mulanje, mpaka mtendere wa ku Rome wa pa 4 October 1992. Kuyambira 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera.

Kuizindikira

Mfuti zakale zimapezekabe, m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, kwa mafumu, nthawi zina m'munda khasu likagunda chitsulo. Snider siivuta kuizindikira. Ili ndi kanyundo kakakulu kunja, kudzanja lamanja, monga gogodera ya fataki, ndipo pansi pa paipi pamakhalabe ndodo yachitsulo, imene tsopano ntchito yake inali yotsukira basi. Koma patsogolo pa kanyundopo pali kachitseko kotsegukira kumanja. Ngati kachitseko kakutsegukira kutsogolo, imeneyo ndi ya mtundu wina, monga Springfield kapena Albini-Braendlin. Pa chitsulo cha m'mbali mwa thabwa, zambiri za boma la Britain zili ndi chisoti chachifumu, zilembo V.R. za Mfumukazi Victoria, dzina loti Tower kapena Enfield, ndi chaka. Chakacho chikakhala cha m'mbuyo mwa 1866, monga 1859 kapena 1862, ndiye kuti mfutiyo inayamba moyo wake ngati yothirira kukamwa, ndipo kachitsekoko kanabwera pambuyo.

Wopeza mfuti yotere asaipale ndi sandipepa kapena kuipaka penti, chifukwa zilembo zimenezo ndi zimene zimanena kumene inachokera ndi njira imene inadzera. Asaiyandikize pamoto kapena kuyesa kuiwomba. Gogodera zambiri zinkasungidwa zothira kale, ndipo wonga wakuda ukakhala pouma umaphulika ngakhale patapita zaka 100, pamene chitsulo chodyeka ndi dzimbiri sichingapirire. Malamulo a Malawi ndi a Mozambique salola kusunga mfuti popanda chilolezo, choncho njira yabwino ndi kudziwitsa mfumu ndi apolisi, n'kupempha kuti akadaulo a zinthu zakale aione ndi kulemba malo enieni amene yapezeka isanachotsedwe.